Sola ya kusukulu ikamatha moto phunziro lili pakati: poyambira kufufuza

Inveta (makina osintha moto wa m'mabatire a sola kuti ukhale wa pa soketi) ikayamba kulira kuti tii! tii! tii! ana a Fomu 2 atangotsegula malaputopu, mphunzitsi amadziwiratu chotsatira. Pakapita mphindi zochepa magetsi amathima, ana amene anaunjikana asanu asanu pa laputopu imodzi amayang'anana, ndipo phunziro la kompyuta limakathera pa bolodi, mphunzitsi akujambula kiyibodi ndi choko.

Sukulu yathu ndi CDSS yomwe ili kutali ndi pomwe mapolo a ESCOM anathera. Tinapatsidwa mapanelo anayi, mabatire anayi, kontirola (kabokosi kowongolera moto wochokera ku mapanelo kupita ku mabatire), inveta ndi malaputopu khumi. Chaka choyamba zonse zinayenda bwino. Chaka chachiwiri moto unayamba kutha cha m'ma 11 koloko, kenako 10 koloko, mpaka tinafika poti tikangoyatsa malaputopu atatu inveta yayamba kale kudandaula. Aliyense anali ndi yankho lake. Ahedi ankati tinapatsidwa mabatire achabechabe. Apampando a PTA ankati ana akuwononga. Mlonda ankangoti mitambo. Ine, amene ndinasenzetsedwa makiyi a chipinda cha makompyuta chifukwa choti ndimaphunzitsa Physics, ndinkati tiitane katswiri wa ku boma, ngakhale ndalama yomulipirira thiransipoti panalibe.

Zimene ndikulemba pano ndi ndondomeko imene tinayiphunzira mochedwa. Yambani ndi zosafuna ndalama. Kugula mabatire atsopano kukhale komalizira, chifukwa mukagula musanapeze chimene chinapha akalewo, atsopanowo adzafanso imfa yomweyo.

Kope ndi mita, china chilichonse chisanachitike

Gulani kamita koyezera magetsi kamene amakatchula kuti multimeter. Kamapezeka m'masitolo a zipangizo za magetsi m'matauni, ndipo n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi batire. Pezaninso kope limodzi lokhala m'chipinda momwemo. Kwa sabata yathunthu, yezani mabatire katatu patsiku: m'mamawa dzuwa lisanagunde mapanelo, masana cha m'ma 12 koloko, ndi madzulo poweruka. Lembani manambalawo, ndipo pambali pake lembani ngati kunali dzuwa kapena mitambo.

Kwa batire la asidi la 12V, kaya ndi lothira madzi kaya lotseka, manambala a m'mamawa ndiwo amanena zoona, inveta ili yothimitsa. Likawerenga 12.6 kapena 12.7, ndiye kuti n'lodzaza. Likawerenga cha m'ma 12.2, latsala theka. Likatsika pansi pa 12.0, ndiye kuti lakamidwa mopitirira. Masana, pamene mapanelo akuthira moto, mita iyenera kukwera kudutsa 13 mpaka cha m'ma 14. Nambala ya masanayi isakupusitseni kuti batire ladzaza. Ikungosonyeza kuti moto ukulowa. Ngati mabatire anu analumikizidwa kuti apereke 24V, wirikizani manambalawa kawiri. Ngati ndi a lithium, manambalawa sagwira ntchito. Werengani pa kontirola kapena pa kagalasi ka batire lenilenilo.

Sabata ikatha, kope lija lidzakuuzani njira yoti mutsate. Ngati masana mita sikwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo, vuto lili padenga kapena m'mawaya. Ngati madzulo mwasiya mabatire ali bwino koma m'mawa mwawapeza atatsika, pali chimene chikudya moto usiku. Ngati usiku sakutsika koma amagwa msanga mukangoyatsa malaputopu, mabatirewo ndiwo atopa.

Padenga

Ife titakwera padenga tinapeza mapanelo atavala fumbi la miyezi itatu, la mu Ogasiti mpaka Okutobala, kuphatikizapo zitosi za akhwangwala zomwe zinauma n'kukhala ngati penti. Fumbi limachepetsa moto pang'onopang'ono, koma chitosi kapena tsamba limodzi limawononga kwambiri kuposa mmene likuonekera. Timagalasi ta m'panelo tinalumikizana motsatizana ngati ana ogwirana manja, ndiye kamodzi kakaphimbidwa, mzere wonse umafooka.

Tsukani m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa. Madzi ozizira pa galasi lotentha angathe kuling'alula. Phulusa ndi mchenga zisiyireni mapoto. Ndipo musatume mwana wa sukulu kukwera padenga la malata. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wamkulu, pali wina womugwirira makwerero.

Kenako yang'anani mthunzi, ndipo muuyang'ane nthawi zosiyanasiyana, osati kamodzi. Malawi ali kumwera kwa equator, choncho mapanelo amayenera kuyang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsetsereka n'kuchotsa fumbi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limayenda motsika cha kumpoto, ndiye mtengo umene mu Disembala sunkavuta umayamba kuponya mthunzi wake pa mapanelo. Kwathu unali mtengo wa mango umene unabzalidwa ndi ana a Wildlife Club. Pamene amayika sola unali wofika m'mapewa; patatha zaka ziwiri nthambi zake zinkaphimba mapanelo awiri mpaka 10 koloko. Sitinaudule, tinangousadza, ndipo moto wa m'mawa unabwerera sabata yomweyo.

Anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi madera ena okwera amadziwa za chiperoni, pamene dzuwa limabisala masiku atatu kapena anayi otsatizana. Pamenepo palibe chowonongeka. Chofunika n'kuchepetsa ntchito: theka la malaputopu, kapena kusuntha phunziro la kompyuta kuti lichitike masana m'malo mwa m'mawa. N'chimodzimodzinso mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamanga msasa.

Mawaya ndi kontirola

Tsatirani waya kuchokera padenga mpaka ku kontirola ndi maso ndi dzanja. Makoswe a kudenga amakonda pulasitiki ya waya. Polumikizira pamene pamasuka pamatentha, pamada, nthawi zina pamanunkha ngati pulasitiki yopserera. Tsegulani kabokosi ka kontirola. Nyerere ndi mavu zimakonda kumangamo. Onaninso fiyuzi. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Chizolowezi chomangapo kawaya kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya n'chimene chimayatsa nyumba.

Pa mitu ya mabatire mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira, masulani, tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, pukutani, mangani mwamphamvu, kenako pakani girizi pang'ono. Pomasula chilichonse, yambani mwachotsa mawaya a mapanelo ku kontirola, kenako a batire. Pobwezera, yambani ndi batire, mapanelo pomaliza. Makontirola ambiri amazindikira ngati ndi 12V kapena 24V kuchokera ku batire, ndipo kusintha ndondomekoyi kungathe kuwapsereza. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo sipanala isagunde mitu iwiri nthawi imodzi. Musalowe ndi kandulo, koloboyi kapena ndudu. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka.

Ndani akudya moto usiku?

Apa ndi pamene nkhani yathu inali, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi pamenenso ili nkhani ya sukulu zambiri.

Tiyambe ndi masamu ochepa. Batire la 12V la 100Ah limasunga 1,200Wh papepala, 12 kuchulukitsa ndi 100 (Wh ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto: ma watt, W, kuchulukitsa ndi maola). Koma batire la asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka. Mukamatero tsiku ndi tsiku limakalamba msanga. Ndiye logwiritsa ntchito ndi 600Wh basi. Mabatire anayi, 2,400Wh. Malaputopu khumi, iliyonse ikamadya cha m'ma 40W kwa maola atatu, amatenga 1,200Wh. Mpaka pamenepa zikukwanira bwino. Tsopano onjezerani simbi yamagetsi ya 1,000W yositira zovala kwa theka la ola: 500Wh zapita, pafupifupi batire lathunthu. Ketulo yamagetsi imadya kuposa simbi. Foni imodzi sidya zambiri, mwina 10 mpaka 15Wh, koma zikakhala 30 ndiye kuti 300 mpaka 450Wh. Inveta nayo imadya ngakhale palibe cholumikizidwa. Kuisiya yoyatsa usiku wonse kungathe kutenga 200Wh kapena kuposa.

Kope lathu linasonyeza kuti Lachisanu madzulo tinkasiya mabatire ali bwino, koma Lolemba m'mawa tinkawapeza pa 11.8, pamene Loweruka ndi Lamulungu kunalibe phunziro lililonse. Tsiku lina Lamulungu madzulo ndinabwerera kusukulu kukatenga mabuku osonyeza mamakisi. Ndinapeza zenera la kumbuyo lili lotsegula pang'ono, waya wautali watulukira pamenepo, wadutsa pansi pa mpanda wa maluwa, n'kukalowa m'kanyumba ka mlonda. M'katimo munali mafoni ali ndandanda pa mphasa, ena okulungidwa m'timapepala tolembedwa mayina a eni ake, ndi makina ometera tsitsi.

"Agogo, zimenezi zayamba liti?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, si ine ndekha ayi," anatero akuseka mwamanyazi. "Kiyi wina ali kunyumba za aphunzitsi uko. Malaya a Lolemba amasitidwa ndi chiyani?"

Sindinayankhe, chifukwa foni yanganso inkagona pa soketi ya m'chipindamo masiku ambiri.

N'zosavuta kukwiya, kusintha loko ndi kulengeza pa asembule kuti aliyense wopezeka akutchaja foni adzaona zakuda. Ife tinayesa zimenezo ndipo zinagwira masabata atatu. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Amene anaumba njerwa za chipinda chimenecho ndi makolo omwewo. Amayi ndi amene anatuta mchenga ndi madzi. Foni kumudzi si yocheza chabe: ndi mmene mumalowa ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zochokera kwa mwana amene ali ku Joni, ndi mmene mumabwera uthenga wa maliro, ndiponso ndi tochi ya usiku. Kuwauza kuti magetsi amene ali pa denga limene anamanga okha sawakhudza, n'kuwaitana kuti azibwera usiku. Ndipo usiku ndi nthawi yoipitsitsa, chifukwa moto wonse umachokera m'batire, dzuwa palibe.

Choncho tinaitanitsa msonkhano: PTA, amfumu a midzi itatu yozungulira, a Mother Group, aphunzitsi ndi mlonda. Sindinalankhule za ma watt. Ndinabweretsa ndowa yodzaza madzi, kapu ndi jagi. Ndinati ndowa ndi mabatire, ndipo mzere wa choko umene ndinajambula pakati pake ndi pomwe tiyenera kulekezera. Laputopu iliyonse kapu imodzi. Simbi, majagi awiri. Titafika pa mzere ana asanayambe n'komwe kuphunzira, amfumu ena anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Ndiye kuti malaya a aphunzitsi akudya sukulu ya ana athu." Anthu anaseka, aphunzitsi anzanga sanaseke kwenikweni, koma mfundo inamveka.

Zimene tinagwirizana n'zimenezi. Mafoni azitchajidwa masana okha, kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko, pamene mabatire adzaza ndipo dzuwa likadali lamphamvu; moto wa nthawi imeneyo ukanangotayika. Loweruka ndi Lamulungu masana n'chimodzimodzi. Aliyense azilipira kangachepe, kotsikirapo poyerekeza ndi mtengo wa ku msika, ndipo ndalamayo azisunga msungichuma wa PTA, osati mphunzitsi, m'thumba lapadera logulira mabatire. Tsiku la mitambo palibe kutchaja. Simbi, ketulo, kukala ndi zokuzira mawu za kwaya kapena ukwati n'zoletsedwa kwa wina aliyense, kuyambira ahedi. Inveta izithimitsidwa poweruka. Pa maliro pokha, mafoni a anamfedwa azitchajidwa ulere. Pamenepo palibe anatsutsa, ndipo sakanatsutsa. Mlonda tinamupatsa udindo wolandira mafoni ndi kulemba m'kope, ndi kagawo kake pa ndalamayo. Munthu amene anali bowo la ndowa anasanduka chotsekera chake.

Makiyi akhale awiri okha, ndipo aliyense adziwe kuti ali ndi yani. Kiyi wachitatu ndi amene amabala wachinayi.

Ngati mabatire atopadi

Mukakonza zonsezi koma moto n'kumathabe msanga, yezani batire lililonse palokha. Lisiyeni lidzaze tsiku lonse la dzuwa popanda kugwiritsa ntchito, masulani mawaya olumikiza mabatirewo, dikirani maola angapo, kenako yezani. Limene likuwerenga motsika kwambiri kuposa anzake, makamaka cha m'ma 10.5, ndiye kuti chimodzi mwa zigawo zake za m'kati chinafa, ndipo likukoka anzake pansi. Lichotseni. Mabatire atatu abwino amaposa anayi okhala ndi lakufa pakati, bola ngati analumikizidwa mwa 12V. Ngati ndi 24V amayenda awiriawiri, ndiye muchotsa awiri. Batire lofufuma m'mbali, lotentha kwambiri kapena lonunkha ngati dzira lovunda lichotsedwe tsiku lomwelo.

Mabatire okhala ndi zitsekerero pamwamba amafuna madzi. Tsegulani kamodzi pamwezi. Zitsulo za m'kati zisaonekere. Thiranimo madzi a batire ogula, amene amapezeka m'malo omwetsera mafuta ndi m'masitolo a zipangizo za galimoto. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere umene umapha batire, ndipo asidi sawonjezera. Kutentha nakonso kumafupikitsa moyo wa batire, choncho kachipinda kopanda zenera, ka denga la malata, m'mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ndi ng'anjo. Boolani timabowo ta mpweya, ndipo mabatire akhale pa thabwa, potalikirana pang'ono.

Pogula atsopano, musasakanize akale ndi atsopano, chifukwa akale amakalambitsa atsopano. Musagule batire la galimoto ngakhale likhale lotchipa. Linapangidwira kupereka moto wambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini, osati kukamidwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Funsani la sola, lolembedwa kuti deep cycle. Ife tinataya mabatire awiri mwa anayi, ndipo sindinganene kuti anali achabechabe. Tinawapha tokha, Lamulungu lililonse pang'ono.

Nthawi zina vuto si sola

Pali masiku pamene mabatire ali bwino koma laputopu kapena tabuleti ina sikulowa moto. Musathamangire kudenga. Sinthanitsani tchaja ndi ya inzake imene ikugwira. Ngati yayamba kutchaja, vuto ndi tchaja kapena chingwe. Zingwe zimathyokera m'kati, pafupi ndi kumutu, chifukwa ana amazula pokoka chingwe m'malo mogwira mutu. Aphunzitseni zimenezi tsiku loyamba, ndipo lembani nambala yofanana pa laputopu ndi tchaja yake. Ngati sikutchajabe, unikani pa kabowo kolowetsera. Fumbi limaumbika mmenemo, ndipo kamtengo kotokosera mano kamalichotsa, chipangizocho chili chothimitsa. Singano kapena pini ayi. Laputopu imene kiyibodi yake yatukuka, kapena tabuleti imene galasi lake layamba kunyamuka, ili ndi batire lofufuma: isatchajidwenso, ndipo isasungidwe pamodzi ndi zinzake.

Njira ina imene inatithandiza n'kusintha nthawi yotchajira. Malaputopu tsopano timawadzaza masana, dzuwa lili pamutu, n'kuwathimitsa kwenikweni, osati kungotseka chivindikiro. M'mawa mwake ana amayamba kuphunzira ndi moto wa m'malaputopu momwemo, mabatire aakulu akupuma ndi kudzaza. Tinasinthanso tebulo la maphunziro kuti makalasi a kompyuta asamayambe 7:30 koma chakumasana. Mphunzitsi wa Chichewa anadandaula kuti tamulanda nthawi yake yabwino, koma tinamulipira ndi mapiriyodi a m'mawa, pamene ana sanayambe kuwodzera. Ndipo kukamachita ziphaliwali, thimitsani inveta n'kuzula zonse pa soketi.

Nthawi yoitana katswiri

Itanani katswiri ngati mwatsuka mapanelo, mwasadza mitengo, mawaya ali bwino, koma masana mita sikukwerabe. Ngati kontirola yazima kapena ikusonyeza chizindikiro cha vuto chimene sichikuchoka. Ngati mita ikukwera kudutsa 15 pa batire la 12V, zomwe zikutanthauza kuti kontirola yasiya kuletsa moto ndipo ikuphika mabatire. Kapena ngati inveta ikuthima pamene mabatire ali odzaza ndipo katundu ndi wochepa. Inveta musaitsegule nokha, muli magetsi opha ngakhale itathimitsidwa. Ngati zipangizozo zinabwera kudzera ku boma kapena bungwe, yambani mwawadziwitsa iwowo musanalole munthu wina kumasula, chifukwa nthawi zina pamakhala mgwirizano woti akonze kapena asinthe.

Musanamuimbire, jambulani ndi foni zolembedwa kumbuyo kwa panelo, pa kontirola, pa inveta ndi pa batire, kuphatikizapo masamba a kope lija, mumutumizire pa WhatsApp. Katswiri amene tinamuitana pomaliza anayang'ana zithunzizo ali kwawo, n'kutiuza kuti tisamulipirire ulendo: timange mwamphamvu waya wina wa pa kontirola umene unkaoneka wakuda pa chithunzi, tichotse mabatire awiri akufawo, ndipo tichepetse katundu mpaka thumba la PTA litakwanira kugula ena. Panopa tikuyendera mabatire awiri, malaputopu asanu nthawi imodzi, Fomu 1 Lachiwiri ndi Lachinayi, Fomu 2 Lolemba ndi Lachitatu. Nambala ya m'mawa uno m'kope, yolembedwa ndi dzanja la mlonda, ndi 12.5.